Kachisi wa Dzuwa ku Modhera ndi mayina a zigawo zake

Kwa Kalembo mukatchula nyumba yopemphereramo, anthu amaganiza za mzikiti wodzaza Lachisanu pa Ulongwe kapena tchalitchi cha mabenchi Lamulungu. Nyumba yotere imakula malinga ndi chiwerengero cha anthu olowamo. Akachisi akale a Ahindu sanamangidwe choncho. Kachisi ndi nyumba ya mulungu mwini wake, ndipo wopembedza amapitako kukamuona. Mayina onse a zigawo za kachisi amamveka bwino munthu akagwira mfundo imeneyi.

Amwenye ambiri amene ankagulitsa m'masitolo ku Balaka ndi m'matauni ena ang'onoang'ono, boma la Kamuzu lisanawasamutsire m'mizinda m'zaka za m'ma 1970, kwawo kwenikweni kunali ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Ena anali Asilamu, ena Ahindu. Ku Gujarat komweko, pa Modhera m'mbali mwa mtsinje wa Pushpavati, pali kachisi wa Surya, mulungu wa dzuwa, amene anamangidwa cha m'ma 1026 pa nthawi ya mfumu Bhima Woyamba wa banja la Chaulukya.

Ulendo umayambira pamadzi. Kutsogolo kwa kachisi kuli kunda, dziwe lalikulu lamakona anayi lozunguliridwa ndi masitepe amiyala otsikira pansi. Pakati pa masitepewo anamangapo timakachisi ting'onoting'ono tambirimbiri, kalikonse ndi chosema chake. Wopembedza ankasamba pamenepa, n'kukwera kudutsa pa torana, chipata chaulemu chimene lero kwatsala mizati yake iwiri yokha.

Akatero ankafika mu sabhamandapa, bwalo lofoleredwa koma lotseguka mbali zonse zinayi. Lili ndi mizati 52, ndipo anthu amati ikuimira masabata a pachaka. Apa mpamene amisiri anaonetsa luso lawo lonse: mzati uliwonse ngwosemedwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, pali ovina, njovu, ankhondo ndi nkhani za m'mabuku a Ramayana ndi Mahabharata, moti malo osalala oti n'kuikapo chikhatho ngosowa. Mandapa ndi dzina la bwalo lililonse la mizati m'kachisi. Lotsatira limatchedwa gudhamandapa, lomwe lili ndi makoma ndipo kuwala kumayamba kuchepa.

Kumapeto kwenikweni kuli garbhagriha, kutanthauza chipinda cha m'mimba. Ku Modhera kachipindaka sikakwana mamita anayi mbali iliyonse. Nyumba yonse yaikuluyo, dziwe, mizati ndi zosema, inamangidwa chifukwa cha kamalo kamdima kameneka. Mmalawi wodziwa za kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, sangadabwe kwambiri: nakonso malo oyera ndi kanyumba kakang'ono kamene khamu sililowamo, amalowamo ndi osankhidwa okha.

Mu garbhagriha mumakhala murti, chosema cha mulungu. Ahindu sachiwerengera kuti n'chamoyo mpaka ansembe atachita mwambo wa prana pratishtha, woitanira mpweya wa mulungu kuti ulowemo. Kuyambira tsiku limenelo wansembe, pujari, amachisambitsa, kuchiveka, kuchipatsa chakudya ndi kuchiyatsira nyali. Utumiki umenewu ndiwo puja. Wopembedza amaima pakhomo kuti achite darshan, kuona mulungu ndi kuonedwa naye, kenaka amazungulira chipindacho phewa lamanja litaloza kumene kuli murti, kuzungulira kotchedwa pradakshina. Amisiri a ku Modhera anasiya kanjira kapadera ka zimenezi mkati mwa makoma. Anayang'anitsanso khomo kum'mawa mwakuti mu Malichi ndi mu Seputembala, pamene usana ndi usiku zimalingana, kuwala koyamba kwa dzuwa kumalunjika mkatikati mwa chipinda cha Surya. Kuyeza kotere, kwa anthu ogwira ntchito ndi chingwe ndi mthunzi zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, n'koyenera ulemu.

Pamwamba pa garbhagriha pamakhala nsanja yoimira phiri lokhalako milungu. Kumpoto kwa India, m'kamangidwe kotchedwa Nagara, nsanjayi ndi shikhara ndipo imakwera mopindikira mkati. Kummwera, m'kamangidwe ka Dravida, ndi vimana, yosanjikizana ngati masitepe. Ya ku Thanjavur, imene mfumu Rajaraja anaimaliza mu 1010, ndi yaitali pafupifupi mamita 60. Gopuram ndi nsanja ya pachipata, ndipo alendo ambiri amaisokoneza ndi vimana.

Shikhara ya ku Modhera inagwa kalekale, murti ya Surya mulibenso, ndipo puja sachitamo. Malowa amasamalidwa ndi bungwe la boma la Archaeological Survey of India. Kwa Mhindu wopembedza, akachisi a ku Blantyre ndi Lilongwe, ngakhale ndi a njerwa ndi simenti ndipo ndi a posachedwapa, ali ndi chimene Modhera anataya. Muli murti zodzozedwa, pujari amayatsa nyali, anthu amavula nsapato pakhomo, amaliza belu, amachita darshan, ndipo potuluka amalandira prasad, chakudya chimene chayamba chaperekedwa kwa mulungu.