Amene anali kulemba ndeu za Lolemba usiku

Ambili a ife tinakula tikukangana ngati wrestling ni ndeu yeniyeni kapena seŵelo. Kampani ya WWF inayankha kale mu 1989, pamene inauza aphungu a ku New Jersey kuti zimene imaonetsa ni zosangalatsa anthu cabe, pofuna kucoka m'manja mwa bungwe loyang'anila maseŵela. Kugwa kumapweteka ndithu, koma wopambana amasankhidwa mu ofesi.

Mu 1997 ofesi imeneyo inali pa moto. Nitro ya WCW inali kuposa Raw pa ciŵelengelo ca oonelela Lolemba lililonse, ndipo inacita zimenezi mawiki 83 motsatizana. Vince Russo, amene anali kulembela magazini ya WWF, anakhala mkulu wa olemba, ndipo Ed Ferrara anabwela kudzamuthandiza. Njila yao inali ndeu zifupi, kutukwanana kwambili, mnzako kukutembenukila mosayembekezela, kuti munthu asagwile rimoti. Nkhani yaikulu inali ya Stone Cold Steve Austin wolimbana na abwana ake, Vince McMahon. Aliyense amene anakalipilidwapo pa nchito anaimvetsa. Mu Epulo 1998 Raw inapambana.

Koma ciliconse cimene Russo analemba cinali kupita kwa McMahon, amene anali kusefa. Mu Okutobala 1999, SmackDown itawaonjezela nchito, Russo na Ferrara anapita ku WCW, kumene kunalibe wosefa wotelo. Mu Epulo 2000 lamba wamkulu wa WCW anapatsidwa kwa David Arquette, woseŵela mafilimu. Mu Seputembala Russo anavala lambayo iye mwini. Pofika Malichi 2001, WWF inagula WCW. Sitinganene kuti Russo yekha ndiye anaipha, cifukwa inali itayamba kale kugwa, ndipo eni mawailesi a TV ndiwo anacotsa mapulogilamu ake. Koma lamba amene aliyense angavale, ndani angalipile kuti aone akumenyanilana?

Ife timakonda kukumbukila amene analoŵa m'malo mwa Russo, Chris Kreski, wocokela ku MTV. Iye anali kusunga machati oonetsa amene ali pa udani na ndani, amene ni anzake a ndani, na zimene zinacitika kale. Zioneka ngati nchito ya kalaliki, koma woonelela saiŵala: ngati munthu anakuphwanya na mpando mwezi watha, simungaonekele pamodzi mukuseka popanda cifukwa. Nkhani ya Triple H, Stephanie McMahon na Kurt Angle mu 2000 inayenda miyezi ingapo pa nthawi yake. Cakumapeto kwa caka cimeneco Stephanie anatenga utsogoleli wa olemba. Kreski anamwalila mu 2005, ndipo ambili a ife amene tinali kukuwa pa TV sitinali kudziŵa na dzina lake lomwe.