Madzi a Mulunguzi ndi Ngalande za Likangala

Makolo athu anati, madzi saiwala khwawa. Ifenso sitiyenera kuiwala makwawa amene anatilera. Cifukwa cace tiyeni, awerengi okondedwa, titsate mtsinje wa Mulunguzi kucokera pamwamba pa phiri la Zomba kufikira ku ngalande za m'cigwa, tione zimene madzi awa anacitira dziko lathu.

Mtsinjewu ubadwira m'madambo ozizira a paphiri, nuyenda pakati pa mitengo, nugwa pa mathithi a Williams. Kunsi kwace madzi aima m'damu lalikuru, limene anayamba kumanga cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anthu a m'tauni akumwa madzi omwewo.

Potsikira m'tsinde mwa phiri tifika pamene tauniyo inayambira. John Buchanan wa ku Scotland anadza ndi a mishoni ya Blantyre m'caka ca 1876. Atacotsedwa nchito mu 1881 cifukwa ca nkhanza polanga anthu, analima khofi ndi nzimbe m'mbali mwa Mulunguzi, pakuti pamenepo madzi saphwa ngakhale m'cilimwe. Mu 1886 anamangira Kazembe Hawes nyumba ya nsanja ziwiri zosongoka, imene anthu anaipatsa dzina la Masongola. Mu 1891 Harry Johnston anakhala m'nyumba yomweyo, naika likulu la Boma pa Zomba. Ndipo Alexander Whyte anabzala pafupi pace munda wa mitengo ya mitundumitundu, umene mtsinje uupyoza kufikira lero. Likulu linakhala pano zaka 84, nilisamukira ku Lilongwe mu 1975. Boma linasamuka, koma mtsinje unatsala ndi ife.

Kunsi kwa tauni Mulunguzi athira mu Likangala, ndipo madzi alowa m'cigwa ca kum'mawa. Kumeneko, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Boma linakumba ngalande zopatutsa madzi a Likangala kunka ku minda ya mpunga, mothandizidwa ndi alangizi a ku Taiwan. Ngalande yaikuru igawira zazing'ono, zazing'ono zigawira minda, ndipo alimi atsegula zipata za madzi mosinthana. Woyenda pa mkhonde wa ngalandezi m'mamawa aona akakowa oyera pakati pa mpunga wobiriwira, ana alikuingitsa mbalame, ndi phiri lonse litaima kumadzulo. Pamenepo azindikira kuti mame ndi mvula za paphiri ndizo mpunga wa m'mbale mwace.

Madzi otsala atsirizira m'nyanja ya Chilwa, imene David Livingstone anaiona mu 1859. Nyanjayi iribe mtsinje wotulukamo, ndipo siiri yakuya. Mitsinje ikacepa, iyonso iphwa. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yace yaikuru inauma, asodzi a matemba nasiya ngalawa zao pa matope. Cilala ndico ciyambi ca tsoka lotere, koma nkhwangwa ndi moto wa kuthengo zilikulitsa. Pakuti phiri lopanda mitengo silisunga madzi, koma liwataya tsiku limodzi pamodzi ndi nthaka, imene ikwirira ngalande.

Cotero wodula mtengo paphiri alanda mpunga kwa mbale wace wa ku Likangala, angakhale sanaonane nkhope. Amene anakumba ngalandezi anatisiyira colowa. Tiyeni tibzale mitengo m'magwero a mitsinje, ticenjere ndi moto, kuti adzukulu athu adzapeze madzi alikuyendabe.