AZAMBA NDI KUCIRIRA PAKHOMO: MBIRI YA MALANGIZO A BOMA M'ZAMBIA

1. Mau Oyamba

Liu lakuti mzamba lili ndi matanthauzo awiri m'Cinyanja ca masiku ano. Limanena mai wa m'mudzi amene anaphunzira kubereketsa anzake mwa kuonerera akulu ake; limanenanso munthu amene anapita kusukulu, nalandira cilolezo ca boma cogwirira nchito m'cipatala. Wofuna kuwasiyanitsa amacita kuonjezera kuti "wakumudzi" kapena "wakucipatala". Colinga ca nkhani ino ndi kulondola mbiri ya malangizo amene anaperekedwa kwa mzamba wakumudzi, kuyambira pamene boma linayamba kumphunzitsa kufikira pamene linamletsa kubereketsa. Mfundo yathu ndi yakuti moyo wa mai wocirira pakhomo unadalira kwambiri njira yocokera pakhomopo kukafika kucipatala, ndipo malangizo anacedwa kuzindikira zimenezi.

2. Malangizo Osalembedwa

Pakati pa Acewa kubereka kunali nkhani ya nchembere, ndipo kunali ndi dongosolo lake ngakhale silinalembedwe. Mtsikana wa mimba yoyamba anali kulangizidwa ndi anamkungwi pa mwambo wa cisamba. Popeza mwamuna ndiye anali kukhala kwao kwa mkazi pa cikamwini, nthawi zambiri mai anali kucirira pakati pa abale ake. Tsiku likafika amuna anali kupatuka, ndipo mai ndi khanda anali kukhala m'cikuta mpaka mcombo utagwa.

Mau enieniwo aonetsa kuti makolo anali kudziwa kuopsa kwa nchitoyi. Mai woyembekezera amati ali ndi pakati. Zowawa zikayamba amati matenda ayamba. Akabereka bwino amati wacira, monga munthu wopulumuka pa nthenda yaikulu. Komabe dongosolo limeneli linali ndi malire. Mwana akacedwa kubadwa, ambiri anali kukhulupirira kuti mkazi kapena mwamuna wake anayenda njira zacisembwere, motero nthawi inali kutha ndi kufunsa kuti wina aulule. Kunalinso mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, amene angathe kung'amba ciberekero ngati njira ya mwana ndi yopapatiza.

3. Nyengo Yophunzitsa Azamba

M'zaka za m'ma 1970 boma la Zambia, monganso maiko ambiri a mu Africa, linayamba kuphunzitsa azamba akumudzi. Cifukwa cake cinali coonekeratu: zipatala zinali patali, anamwino anali ocepa, ndipo amai ambiri akumidzi anali kucirira pakhomo. Msonkhano wa ku Alma-Ata wa m'caka ca 1978 unalimbikitsa ganizo limeneli pamene unagwirizana kuti cisamaliro coyambirira ca umoyo cifike kumene anthu akhala, ndi kuti anthu a m'mudzi momwemo atengeko mbali. Msonkhano wa ucembere wabwino wa ku Nairobi m'caka ca 1987 unaonjezera mphamvu ndi ndalama pa nchitoyi.

Malangizo a nyengo imeneyi anali ndi misanamira iwiri. Woyamba unali ukhondo: manja osambidwa ndi sopo, malo oyera ogonekapo mai, lumo latsopano ndi ulusi woyera womangira mcombo. Izi, pamodzi ndi katemera wa amai apakati, zinathandiza kucepetsa kafumbata pakati pa makanda. Waciwiri unali kusankha: mzamba anali kuphunzitsidwa kuzindikira amai amene sayenera kucirira pakhomo, monga wa mimba yoyamba, wamfupi kwambiri, woyembekezera mapasa, wobereka kambirimbiri, ndi amene anang'ambidwapo pa mimba yam'mbuyo. Otere anayenera kutumizidwa kucipatala nthawi isanakwane. Otsalawo anali kuyesedwa opanda ciopsezo.

4. Kutembenuka kwa Maganizo

Msanamira waciwiriwu ndiwo unayamba kugwedezeka m'zaka za m'ma 1990. Ofufuza anapeza kuti mavuto amene amapha amai ambiri, ndiwo kutaya magazi, kukomoka cifukwa ca kuthamanga kwa magazi, kukanika kwa mwana kutuluka, ndi matenda olowa m'ciberekero, kawirikawiri amagwera mai amene sanaonetse cizindikiro ciri conse. Mai wotaya magazi atangocira angathe kumwalira m'maola 2 okha, ndipo mzamba wakumudzi, ngakhale waluso cotani, alibe magazi omuonjezera kapena cipinda ca opaleshoni.

M'caka ca 1994 Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine analongosola kucedwa kwa mitundu 3 kumene kumatsogolera ku imfa ya mai: kucedwa kutsimikiza zopita kucipatala, kucedwa panjira, ndi kucedwa kulandira cithandizo atafika. Kalongosoledwe kameneka kanacotsa maso pa manja a mzamba, nikawaika pa banja, pa mseu ndi pa cipatala. Msonkhano wa ku Colombo m'caka ca 1997 unatsindika kuti mimba iri yonse ili ndi ciopsezo, ndi kuti mai ali yense afunika womthandiza wodziwa nchito. M'caka ca 2004 bungwe la World Health Organization, pamodzi ndi mabungwe a azamba ndi a madokotala a amai, linamasulira wodziwa nchitoyo kuti ndi mzamba wakusukulu, namwino kapena dokotala. Mzamba wakumudzi, wophunzitsidwa ndi wosaphunzitsidwa yemwe, anatsala kunja kwa tanthauzo limeneli.

5. Ciletso ndi Zotsatira Zake

Dziko la Malawi linaletsa azamba akumudzi kubereketsa m'caka ca 2007, ngakhale kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika anacotsa ciletsoco m'caka ca 2010. M'caka comweco ca 2010 boma la Zambia linaleka kuwaphunzitsa, niliwaletsa kubereketsa pakhomo. Nchito yao yatsopano inali kulangiza amai apakati ndi kuwaperekeza kucipatala, ndipo ena analowa m'magulu a m'midzi ochedwa Safe Motherhood Action Groups, amene anayambika m'caka ca 2003. M'madera ena mafumu anaika cindapusa ca mbuzi, nkhuku kapena ndalama pa banja lociritsira pakhomo.

Ziwerengero za kafukufuku wa boma wa ciwerengero ca anthu ndi umoyo zionetsa kusintha kwakukulu. M'caka ca 2007 ana 48 pa 100 ali onse anabadwira m'cipatala. M'kafukufuku wa 2013 mpaka 2014 anali 67, ndipo m'caka ca 2018 anafika 84. Imfa za amai pa ana 100,000 obadwa amoyo zinatsika kucoka pa 591 m'caka ca 2007 kufika pa 398 m'kafukufuku wotsatirawo. Tisafulumire kunena kuti ciletso cokha ndico cinacita izi, pakuti m'caka ca 2006 boma linacotsa malipiro m'zipatala zakumidzi, ndipo m'zaka zotsatira kunamangidwa zipatala zina ndi nyumba zodikiriramo amai apakati.

Pali umboni winanso woyenera kuuganizira. M'boma la Lufwanyama, m'cigawo ca Copperbelt, ofufuza anaphunzitsa azamba ena kupukuta ndi kufunditsa khanda, kulithandiza kupuma likabadwa lolefuka, kulipatsa mankhwala oyamba likaonetsa matenda, ndi kulitumiza kucipatala msanga. Zotsatira zake, zofalitsidwa m'caka ca 2011, zinaonetsa kuti imfa za makanda m'masiku 28 oyamba zinacepa ndi 45 pa 100 poyerekeza ndi za makanda a azamba amene sanalandire maphunzirowo. Umboniwu unafika ciletso citaikidwa kale. Sunatsutse kufunika kwa cipatala, koma unaonetsa kuti kumene mai sangathe kufikako, mzamba wolumikizidwa bwino ndi cipatala amapulumutsa moyo. Kumbali ina, cindapusa cimacititsa mabanja ena kubisa kuti mai wacirira pakhomo, ndipo wobisa amacedwa kukapempha thandizo magazi akayamba kutayika.

6. Mau Otsiriza

Mbiri imeneyi ionetsa kuti malangizo anayamba ndi funso lakuti mzamba acitenji m'cikuta, ndipo anatha ndi funso lakuti mai adzafika bwanji kucipatala. Banja lerolino limalangizidwa kudziwiratu kokacirira, womperekeza, ngolo kapena njinga yomtengera, ndi ndalama zapadera. Ndilo dongosolo limene nyengo yoyamba inalibe.

Kwa ife ophunzira ziyankhulo patsala nchito ziwiri. Yoyamba ndi ya kumasulira. Malangizo a boma amalembedwa m'Cingerezi, koma amakagwira nchito m'ciyankhulo cimene liu limodzi limanena azamba a mitundu iwiri, ndipo liu lakuti matenda limanena nthenda ndi zowawa za kubereka zomwe. Womasulira wosasamala angauze mai kuti apite kwa mzamba matenda akayamba, osamuuza mzamba uti kapena matenda ati. Yaciwiri ndi ya kusunga. Mau a m'cikuta ndi malangizo a pa cisamba ali m'kamwa mwa nchembere zimene zikukalamba, ndipo ana ambiri sabadwiranso m'manja mwao. Ndi udindo wa aphunzitsi ndi olemba madikishonale kuwalemba mauwa eni ake akali moyo.