Malamulo a Covid-19 ndi Okalamba Odwala Matenda Oiwala ku Phalombe

Mu Epulo 2020, bungwe la WHO linanena kuti pafupifupi theka la anthu amene anamwalira ndi Covid-19 m'maiko ena a ku Ulaya anali okhala m'nyumba zosamalira okalamba. Nyumbazo zinaletsa alendo, ndipo odwala matenda oiwala (dementia) anakhala miyezi osaona abale awo.

Ku Malawi nyumba zoterezi n'zochepa. M'boma la Phalombe wokalamba amasamalidwa pakhomo ndi ana kapena zidzukulu, makamaka akazi. Choncho malamulo a mliriwu anakhudza khomo lenilenilo.

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi. Sukulu zinatsekedwa ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Boma linakonza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma Khothi Lalikulu linauimitsa bungwe la HRDC litadandaula kuti osauka adzasowa chakudya. Mu Januwale 2021 matendawa atakula, boma la Pulezidenti Lazarus Chakwera linatsitsa chiwerengerocho kufika pa 50.

Malamulowa anali oteteza moyo, pakuti okalamba ndiwo anali pachiopsezo chachikulu. Koma wodwala matenda oiwala amadalira nkhope zimene akuzidziwa ndi zochita zimene anazizolowera. Kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro ndi kumsika wa Migowi n'kumene agogo amakumana ndi anzawo. Masiki imabisa nkhope, moti wodwala angalephere kuzindikira mwana wake. Angaiwalenso chifukwa chimene anthu akukanira kumugwira chanza, n'kuganiza kuti akumuda. Ocheza akachepa, mtolo wonse umagwera womusamalira mmodzi.

Pali ngozi inanso. Wokalamba wosochera usiku kapena wolankhula zosamveka amatchulidwa mfiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kuneneza munthu ufiti. Anthu akasiya kuyenderana, omuikira kumbuyo amachepa.

Namondwe Freddy atasamutsira mabanja a ku Phalombe m'misasa mu Malichi 2023, odwala otere anachotsedwanso pamalo amene anawazolowera. Mliri kapena ngozi ina ikadzabwera, alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya adziwiretu makomo amene muli odwalawa. Apitirize kuwayendera, kucheza nawo panja motalikirana, kudzitchula dzina asanayambe kulankhula, ndi kufunsa womusamalira ngati ali ndi womulandira.