Vinyo anafika kale, tsiku lobadwa lafika dzana

Phwando la tsiku lobadwa ku Nchalo kapena pa Nsanje boma masiku ano silisiyana kwenikweni ndi la ku Blantyre: keke, nkhuku yootcha, mpunga, botolo la vinyo, anzako apamtima akukuthira madzi. Ambiri amaona ngati zonsezi zinabwera pamodzi ndi chizungu. Mawu ake akunena zina.

Tiyambe ndi "vinyo". Liwuli linachokera ku Chipwitikizi, vinho, ndipo njira yomwe linadzera ndi ya m'madzi. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'ma 1530, ndipo kwa zaka mazana atatu minda yawo ikuluikulu, ma prazo, inali m'mbali mwa Zambezi, kufupi ndi pomwe Shire amathira. Katundu ankakwera ndi mabwato, mawu nawonso. Ndi m'mene tinapezera kachasu (cachaça), nsapato (sapato), kalata (carta), kapitawo (capitão) ndi malinyero (marinheiro). Asena ambiri atawolokera ku Port Herald, komwe pano ndi Nsanje, makamaka pothawa nkhondo ya Barue ya 1917, anabwera ndi mawu enanso otere. Pamene Buku Lopatulika linkatuluka mu 1922, omasulira ake anangolemba "vinyo", osavutika kupeka liwu lina.

Komatu kuchigwa kunali kale chakumwa chakechake, uchema, womwe amagoma ku mitengo ya migwalangwa. Livingstone, amene anakwera Shire mu 1859, analemba za anthu ogoma migwalangwa cha ku dambo la Elephant Marsh. Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti olemba Chingerezi amautcha palm wine, pomwe mwini wake sanena kuti "vinyo wa mgwalangwa". Uchema ndi uchema basi. Dzina loti vinyo linatsalira cha m'botolo ndi cha pa guwa la tchalitchi, n'chifukwa chake mpaka lero limamveka lapamwamba.

Nanga "tsiku lobadwa"? Limamveka Chichewa chenicheni, koma ndi birthday yemweyo atangomuveka malaya athu. Makolo ankasangalalira kutuluka kwa mwana m'chikuta, mchombo ukagwa, kenako chinamwali ndi ukwati. Izi zimachitika kamodzi, osati chaka ndi chaka. Zaka ankaziwerenga ndi zochitika: gogo amakuuzani kuti anabadwa nthawi ya njala ya 1949, kapena pamene Sucoma inkayamba kudzala nzimbe ku Nchalo m'ma 1960. Deti inabwera ndi pepala, m'kaundula wa ubatizo, wa sukulu ndi wa kusikelo. Tsiku lobadwa loyamba lomwe Amalawi ambiri anavinira silinali lawo n'komwe, linali la Kamuzu, pa 14 May. Zoseketsa n'zakuti chaka chimene boma linkati iye anabadwa, 1906, akatswiri a mbiri amachikayikira.

Pano nkhaniyi yaposa keke. Pa kalembera wa zitupa za unzika wa 2017 aliyense anayenera kutchula tsiku, mwezi ndi chaka, ndipo okalamba osadziwa anangoyerekeza. Deti yoyerekezayo ndiyo tsopano imawerengedwa kubanki, pa sim card ndi pa kaundula wa chithandizo madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi Freddy mu March 2023.

Ophunzira amene mukufuna mutu wa kafukufuku, kamvetsereni pa phwando lenilenilo. Oitana amati "ndili ndi birthday", nyimbo imaimbidwa m'Chingerezi, ndipo "tsiku lobadwa" mudzalipeza kwambiri pa fomu ndi pa wailesi.