Chiwanda cha ku Kaizuka

Mu 1953, kampani yopanga ulusi ndi nsalu ya Nichibo inayambitsa timu ya volebo ya atsikana pafakitale yake ku Kaizuka, kufupi ndi Osaka m'dziko la Japan. Mphunzitsi wake anali Hirobumi Daimatsu, wobadwa mu 1921, msilikali wakale amene anapulumuka lokumbakumba pankhondo ya ku Imphal mu 1944, kumene anzake ambirimbiri anafa ndi njala ndi matenda. Kunkhondoko anabwerako ndi chikhulupiriro chakuti thupi limapirira zoposa zimene mwiniwake amaganiza.

Osewera ake anali antchito a kampaniyo. Ankayamba ndi ntchito m'mawa, akaweruka n'kulowa m'bwalo, ndipo nthawi zambiri ankatulukamo pakati pa usiku patadutsa. Poona kuti atsikanawo anali aafupi poyerekeza ndi a ku Soviet Union, Daimatsu anawaphunzitsa kudziponya pansi potola mpira, kugubuduka, n'kuimirira nthawi yomweyo. Ankawaponyera mipira mosalekeza mpaka ena kulira, matupi ali mikwingwirima yokhayokha. Anthu anamutcha Chiwanda.

Pampikisano wa dziko lonse wa mu 1960 ku Brazil, Japan inakhala yachiwiri. Mu 1962 inagonjetsa Soviet Union pakwawo ku Moscow n'kutenga chikho, atsikanawo atapatsidwa kale dzina loti Afiti a Kum'mawa. Apa Daimatsu ndi osewera ena anafuna kupuma, ena kuti akakwatiwe, koma makalata a anthu anawapempha kuti adikire Olimpiki ya ku Tokyo, yoyamba kukhala ndi volebo. Pa 23 Okutobala 1964, motsogozedwa ndi kaputeni Masae Kasai, anagonjetsanso Soviet Union 3–0. Dziko limene linagonja pankhondo zaka 19 m'mbuyomo linawongola khosi.

Mu 1965, Zhou Enlai anamuitana kuti akaphunzitse osewera a ku China. Mu 1968 anasankhidwa kukhala phungu m'nyumba ya malamulo, ndipo anamwalira mu 1978.

Lero kaphunzitsidwe kotereka kangatchedwe nkhanza, ngakhale kuti osewera akewo, atakalamba, ankamukumbukira mwaulemu. Zonse ziwirizi n'zoona. Luso la kugubuduka linafalikira m'mabwalo a dziko lonse ndipo amene amatamandidwa nalo ndi Daimatsu, koma amene analigula ndi tulo tawo, mawondo awo ndi utsikana wawo ndi antchito aja a pafakitale ya ulusi.