MOTO WA DZUWA NDI MALAMULO A ANTHU

Dzuwa liwala cifukwa m'kati mwace timbeu tating'onoting'ono tochedwa maatomu a haidrojeni tiphatikana ndi kusanduka mpweya wina, dzina lace heliamu. Ndipo pakuphatikanapo pamabuka kutentha kwakukuru. Arthur Eddington wa ku England ndiye anaganizira zimenezi m'caka ca 1920, ndipo m'1934 Mark Oliphant ndi anzace anaphatikiza maatomu otere m'nyumba yoyeseramo zinthu ku Cambridge.

Nchito yoyamba imene anthu anagwira nayo mphamvuyi inali ya nkhondo, pakuti m'1952 Amereka anaphulitsa bomba la haidrojeni ku zisumbu za Enewetak. Cotero lamulo loyamba pa nkhani iyi linali la kusunga cinsinsi: dziko liri lonse linabisira linzace zimene akatswiri ace analikupeza. Koma m'1956 Igor Kurchatov wa ku Russia, ali pa ulendo ku Harwell, anafotokoza poyera nchito ya kwao. Ndipo pa msonkhano wa ku Geneva m'1958 maiko anaulula zobisika zao. Pomwepo kunaoneka kuti onse anali kupunthwa pa mwala umodzimodzi: mpweyawo uyenera kutentha kuposa madigiri 100 miliyoni, ndipo palibe mbiya yakuti nkuusungamo, koma kuugwira m'malere ndi mphamvu ya maginito.

Masiku omwewo anthu anali kuphunzira kuopsa kwa njira inzace, ndiyo ya kuswa maatomu a yureniamu. M'1957 moto unabuka pa Windscale ku England, ndipo mkaka wa m'mafamu ozungulira unatayidwa. Lamulo lakuti malo otere azikhala ndi cilolezo ca Boma linadza pambuyo pace, m'1959. Ngozi ndiyo inatsogola, lamulo nkutsatira.

Nanga njira ya kuphatikiza iweruzidwe ndi malamulo omwewo kodi? Ena ati iai, popeza m'makina ace mumakhala mafuta ocepa ndithu, ndipo kanthu kakalakwika moto ungozima wokha. Sungathe kuyaka mosaletseka. Koma walira mvula walira matope. Mtundu umodzi wa haidrojeni wofunikawo, wochedwa tritiamu, uturutsa ceza copweteka thupi, ndipo papita zaka 12 kuti theka lace lithe. Ndiponso zipupa za makinawo zimayamba kuturutsa ceza zikagwira nchito nthawi yaitali, ndipo ziyenera kusungidwa mosamala.

Pa funso ili maiko sanayankhe mofanana. France, kumene maiko ambiri anapangana m'2006 kumanga makina akuru ochedwa ITER ku Cadarache, anawaika pansi pa malamulo a malo a nyukiliya, napereka cilolezo m'2012. Britain anatsata njira yina: lamulo lace la 2023 linasiya nchitoyi m'manja mwa oyang'anira za cilengedwe ndi za citetezo ca anchito. Caka comweco bungwe loyang'anira za nyukiliya ku Amereka linagamula kuti makina ophatikiza asaweruzidwe monga aja a yureniamu, koma monga zipangizo zina zoturutsa ceza. Panali patangopita miyezi yowerengeka cicokere December 2022, pamene akatswiri a ku Livermore, m'California, anapeza kwa nthawi yoyamba mphamvu yoposa imene kuwala kwa makina ao kunathira pa kambeu ka mafuta.

Mlandu wace ngwolemera mbali zonse. Lamulo likauma kwambiri, mtengo wa makina ukwera ndipo magetsi acedwa kufika kwa osauka. Likafewa kwambiri, anchito ndi midzi yoyandikana ndiwo adzalipira. Kufikira lero palibe mudzi umene uunikidwa ndi magetsi a njira iyi, koma malamulo ace ayamba kale kulembedwa. Mlimi wanzeru alimira nkhokwe yace moto wa kuchire usanafike.